Lamba wa Mayi Tiyeni

Lachiwiri, pa 9 Epulo, chipatala chophunzitsa anthu kuyendanso chinatseka chipinda chake cholimbitsira thupi. Mabala a odwala angapo anali atayamba kutulutsa mafinya, ndipo a ku labotale anapeza kuti kachilombo kake n'kamodzi, kosamva mankhwala wamba. Anayeza zitsulo zogwirira, mabedi ndi matawulo. Kachilomboko anakapeza pa lamba wa Mayi Tiyeni.

Mayi Tiyeni ntchito yawo inali yoyendetsa odwala. Dzinali anawapatsa ndi odwala omwewo, chifukwa pakamwa pawo sipankachoka mawu akuti "tiyeni, phazi lina". Lambayo anali wawowawo, wansalu yokhuthala. Ankamumanga m'chiuno mwa wodwala n'kumugwira kumbuyo kuti asagwe. Akathana ndi uyu, ankamasula n'kumanga wina. M'manja ankasamba kuposa anzawo ambiri, koma lambayo ankangomukoleka pamsomali kuseri kwa chitseko.

Mmodzi mwa odwalawo anali kalipentala amene anadulidwa mwendo m'munsi mwa bondo. Akatopa ankagwira lambayo, kenako n'kusisita pabala. Linali litatsala pang'ono kupola kuti amuyeze mwendo woyikirira. Anamubweza ku chipatala chachikulu, ndipo madokotala anadulanso, ulendo uno pamwamba pa bondo.

Palibe amene anawakalipira Mayi Tiyeni, ndipo n'zimene zinawalasa kwambiri. Sisitala wamkulu anangolengeza kuti malamba ansalu achotsedwa, osatchula dzina. Koma iwo akalowa m'chipinda chopumira, nkhani zinkathera panjira. Mnzawo wina anafunsa moseka ngati malemu lamba aikidwa mwaulemu, ndipo palibe anamuthandiza kuseka. Anayamba kulowera khomo lakumbuyo, la kochapira zovala, kuopa kukumana ndi achibale a odwala. Kunyumba anauza amuna awo kuti akusiya ntchito.

"Mukasiya, mayi, zogwirira zinazo zizidzipukuta zokha?" anafunsa bamboyo.

Sabata yotsatira anakapempha kulowa m'gulu loona za kupewa matenda opatsirana pachipatalapo. Mkulu wa gululo sanawabisire kuti ambiri sadzawamvera. Anawapatsa ntchito imene aliyense ankaithawa, yoima pakhomo la wodi n'kumakumbutsa anzawo kusamba m'manja ndi kupukuta zipangizo asanagwire wodwala wina.

Tsiku lina namwino amene anamubweza kuti akapukute njinga ya wodwala anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Achemwali, ukhondo tiphunzire kwa inu?"

"Ee, kwa ine. Ndinaona chimene chimachitika tikapanda kupukuta."

Anayankha nkhope ili pansi, koma pakhomopo sanachoke mpaka njingayo itapukutidwa.

Mayeso a maphunziro a ntchitoyi analephera koyamba. Anabwereza, n'kukhoza. Kenako anayenda chipinda ndi chipinda kufufuza zinthu zimene manja ambiri amagwira koma palibe amazikumbukira: mipira yofinya, ndodo, zingwe zokokera, mapilo ochirikizira miyendo. Zansalu zinapita kochapa kapena kotaya. Panabwera malamba opukutika, ndipo wodwala amene ali ndi bala anayamba kupatsidwa wakewake. Chipinda cholimbitsira thupi chija chinatsegulidwanso ndipo sichinatsekedwenso.

Mu Okutobala kalipentala uja anabwerera, akazi ake akumukankha panjinga. Mayi Tiyeni akanatha kumuzemba, chifukwa sanalinso oyendetsa odwala. Anapita okha pabedi pake, n'kumuuza kuti kachilombo kaja kanali pa lamba wawo. Akazi ake anatembenukira kukhoma.

"Ndinamva kalekale," anatero kalipentalayo. "Ndimadikira ndione ngati mubwere ndi miyendo yanu, poti inu muli nayo yonse. Kupepesa sikumeretsa bondo, mayi. Kaonetsetseni kuti zitsulozo n'zoyera, mawa ndikufuna kuimirira."

Inu amene manyazi akukulowetsani khomo lakumbuyo, musathawe pamene munagwera. Pali ntchito imene angaigwire bwino ndi munthu amene anaona kuipa kwa kulakwitsa. Limbani mtima, bwererani.

Lero Mayi Tiyeni ndi amene amaphunzitsa antchito onse atsopano pachipatalapo. Kalipentala uja amaimirira atagwira zitsulo. Madokotala sananenebe ngati adzayende opanda ndodo, ndipo akazi ake sanayankhebe moni wa Mayi Tiyeni.