Tsache pakhomo pa amake mapasa

Pa poloti yathu ku Chinsapo tilipo mabanja asanu, koma bafa ndi limodzi, chimbudzinso chimodzi. Palibe amene analemba malamulo, komabe tonse timadziwa. Ukapeza tsache lalitali litatsamira pakhomo pako m'mawa, tsikulo wotsuka ndiwe. Ukamaliza umakaliimika pakhomo lotsatira.

Chaka chomwe ndinayamba fomu wani, amayi a m'nyumba yakumapeto anabereka mapasa mwa opaleshoni. Amuna awo ndi alonda, masana amakhala ali mtulo. Tsache linafika pakhomo pawo n'kukhazikika, mpaka m'bafa munayamba kuterera ndi ndere. Tsiku lina ndikuyanika yunifolomu ndinamva alandilodi akuuza amayi anga kuti, "Ine za uve ayi. Ngati zawakanika, mwezi ukatha asamuke. Ofuna nyumba ndi ambiri."

Ine pakamwa panga m'polemera. M'kalasi yankho ndimalidziwa, koma dzanja silikwera. Ndiye ndinaganiza zothandiza mwa njira yanga yosalankhula. M'mawa mwake ndinanyamula tsache lija mwakachetechete, ndinatsuka bwinobwino, n'kuliimika pakhomo lotsatira. Kusukulu ndinapita mtima uli mbee.

Pobwera ndinapeza amake mapasa atakhala pakhonde, maso atafiira. Sindinkadziwa kuti pa poloti, kuchotsa tsache pakhomo pa munthu osamuuza ndiko kumunena ulesi pamaso pa onse. Iwo anaganiza kuti wina akufuna kuwachititsa manyazi, moti anali atauza kale amuna awo kuti ayambe kufunafuna nyumba ku Mtandire.

Amayi anga atamva kuti ndine, sanakalipe. Anangopukusa mutu akuseka.

"Iwe, kuthandiza munthu ngati ukumubera? Pita ukagogode."

"Mukawauze ndinu, amayi."

"Anatsuka ndine?"

Ndinaima pakhomo paja nthawi yaitali ndikupotokola nsonga ya chitenje. Odi wanga anatuluka ngati kulira kwa kamphaka. Ndinalowa, ndinagwada, ndinafotokoza maso ali pansi.

"Ndiwe? Iwe wosalankhulawe?" anatero amake mapasa. "Ine ndimayesa ndi aja a khomo lachiwiri, moti moni wawo ndayankhira m'mphuno."

"Ndimapempha kuti ndizitsuka m'malo mwanu, amayi, mpaka mutachira."

Anagwedeza mwana pamwendo. Kenaka anati, "Chabwino. Koma tsachelo uzililandira m'manja mwanga, panja. Anthu aziona kuti ndakutuma ndine."

Madzulo ake ndinalemba m'dayale mwanga kuti munthu akadwala safuna kuti ntchito yake ingogwiridwa basi, amafunanso kufunsidwa. Kutsuka sikunandivute. Chinandivuta chinali kugogoda, ndipo ndikuona kuti mbali imeneyo ndi imene inali udindo wanga weniweni.

Kuyambira pamenepo, tsiku lawo likafika, amake mapasa ankatuluka pang'onopang'ono atagwira pamimba, n'kundiitana mokweza kuti nawonso alandilodi amve. Ine ndinkalandira ndi manja awiri. Mwezi unatha, wina unathanso, ndipo za kusamuka palibe anazitchulanso.

Pano anachira, amatsuka okha. Mapasa aja ayamba kukwawa, ndipo ndikamawerenga pakhonde amabwera kudzandikoka masokosi. Mmodzi ndi wolongolola, winayo amangokuyang'ana. Amake amati wachiwiriyo anatengera ine.