Mtengo wachibale pamdadada wa msuweni wanga

Loweruka lapitali tinali pabawo pa Namitete pomwe msuweni wanga Fanuwelo, atadya nkhomo ziwiri, anayamba kudzitama. Akuti mdadada wake wa zipinda zisanu ndi chimodzi umamupatsa K125,000 pamwezi, iye ali khale.

Anzathu anaimba mluzu. Ine mtima unangoti thu! Ndisakunamizeni abale anga, inali nsanje yeniyeni. Ine ndi Fanuwelo tinkaweta mbuzi limodzi. Iye ndalama za fodya anaumbira njerwa, ine ndinatola choko n'kumaphunzitsa ana a eni. Lero amadya za lendi, ndipo mmodzi mwa omudyetsawo ndine.

Eetu, ndimakhala m'chipinda chakumapeto pamdadada womwewo. Tsiku lolowa anandigwira paphewa. "Asuweni, inu sindingakutchajeni ngati mlendo. Muzingopereka K25,000, mtengo wachibale." Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja.

Ndiye pobwerera kuchokera kubawo, nsanje ija inandikumbutsa masamu. Zipinda zisanu za anzanga zonse n'zofanana ndi changa, koma lendi yawo sindiidziwa. Chosadziwika timachitcha x. Ma x asanu kuphatikiza K25,000 yanga akwane K125,000. Chotsani yangayo, itsala K100,000. Gawani pasanu.

K20,000!

Ndinaima pamsewu ngati ndaponda minga. Ndinawerengeranso. Ndinawerenganso ndi zala, ngati mmene amachitira mwana wa telala wa khomo loyamba. Ayi ndithu, x anakana kusuntha. Alendo K20,000, ine m'bale K25,000.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangofunsa aneba kalekale? Kodi inu munayamba mwafunsapo Mchewa kuti amalipira zingati? Telala uja ndinamuyesapo. Anati, "Aa, kangachepe, aphunzitsi." Namwino wa khomo lachitatu anati, "Timangoyesetsa." Timabwerekana mchere, timayanika zovala pachingwe chimodzi, chimbudzi n'chimodzi, koma mtengo wa nyumba timaubisa ngati matenda. Ndi mmenenso timachitira ndi mtedza kwa mavenda, ndi ganyu kumunda. Aliyense amaganiza kuti ndi iye yekha amene anakomeredwa mtima, ndiye amatseka pakamwa kuopa kuchititsa anzake nsanje. Amene amapindula ndi chinsinsi chimenechi ndani?

Mayi a kunyumba anandiletsa kukamufunsa Fanuwelo. "Bambo a Tadala, mukayambana naye tikagona kuti? Nyumba zapafupi ndi sukulu zinatha, eti?" Anali ndi mfundo. Koma nsanje ilibe makutu.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamupeza Fanuwelo akupukuta njinga yake yamoto yatsopano, imene mwina galasi lake limodzi ndinagula ndine. Ndinamulembera masamu aja pansi ndi kamtengo.

Anayang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Asuweni, masamu mwakhoza. Koma tandiuzeni, telala akapanda kulipira ndimatani?"

"Mumamutulutsa."

"Nanga inu, malipiro a boma akachedwa, ndingakutulutseni? Azakhali kumudzi angandisiye ndi moyo? Nkhaniyo ingathere pamaliro anga! Ndiye K5,000 yapamwambayo ndi ya chibalecho. Ndinakuuzanitu poyera kuti ndi mtengo wachibale. Ndinati wotsika ine?"

Zoonadi. Sananene kuti wotsika. Ndinadzimvera ndekha.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Sanatiuze kuti kusunga fupalo kuli ndi lendi yake. Chimene chikundipweteka kwambiri si K5,000 ayi. N'chakuti nditakhala ine mwini mdadada, nzeru imeneyi sikadandifikira. Ngakhale kuchenjera kwakeko ndikukusirira.

Mwezi ukutha Lachisanu. Ndaganiza zokamuuza kuti kuyambira tsopano azindiona ngati mlendo wochokera ku Kasiya, ndizilipira K20,000. Mayi a kunyumba angondifunsa funso limodzi: malipiro akachedwanso ngati mwezi watha, adzakhale ndani m'chipindamo, mlendoyo kapena msuweni?

Inu amene mukukhala, kugula kapena kulima pa mtengo wachibale, munayamba mwamufufuzapo x wanu?