A Tsegulani ndi Zenera la Mlamu Wanga

Munthu woyamba kundilankhula chilankhulo chakwathu m'dziko muno anali ndi mopu m'manja. Ndinali nditangotsitsa chikwama pansi pa masitepe, mano akugundana ndi kuzizira, pamene bambo wina wamtali, wowerama msana, anaimika chidebe chake n'kuyamba kundiyang'ana kumapazi.

"Mwangofika kumene, mwana wanga?" anandifunsa. "Nsapatozo kuno si nsapato. Yambani mwagula zokhuthala, chijasi pambuyo, chifukwa chisanu chimalowera kumapazi. Ndipo zenera muzilisiyira mpata wa chala chimodzi. Tsegulani."

Ndinathokoza mpaka kupinda bondo. M'mawa mwake tinakumananso pomwepo. Anandiyang'ana ngati sanandionepo n'kufunsa, "Mwangofika kumene, mwana wanga?"

Amenewo ndiwo a Tsegulani, wosamalira mdadada wathu. Dzina lawo lenileni lilipo ku ofesi ya eni nyumba, koma ife sitinalifunsepo. Ntchito yawo ndi kukolopa masitepe, kutulutsa mabini tsiku lake, kusintha mababu akapsa, ndi kumenyamenya mapaipi otenthetsa m'zipinda akayamba nthenya. Anabwera kuno ambirife tisanabadwe. Mkazi alibe, ana alibe, amagona m'kachipinda kakuseri kwa masitepe komwe amasungiramonso matsache. Za kale amazikumbukira bwino, ntchito yawo manja amaidziwa okha, koma za dzulo ndi za m'mawa zimawadutsa ngati madzi m'dengu.

Mumdadada muno tachuluka ndife obwera, ndipo palibe amene sanadyeko malangizo awo. Amakupatsa uli ndi katundu kumutu, uli pachangu, ngakhale ukuthamangira kuchimbudzi. Mapepala ako usapatse bwana kuti akusungire, ngakhale akusekerere chotani. Mawu oyamba kuphunzira m'chilankhulo cha eni dziko asakhale zitukwano, akhale "thandizeni" ndi "pakupweteka apa". Mwana usamusiye yekha m'nyumba poti ukungofika pagolosale, kuno aneba sakusungira mwana, amaimba foni. Usamajambulitse utatsamira galimoto ya eni, kumudzi adzayesa wayamba kutola ndalama pansi. Zonsezi amazisakaniza mmene zawabwerera, koma mathero ake sasintha: makala asalowe m'nyumba, kabelu kakudenga kochenjeza za utsi usakachotse batire, zenera tsegulani.

M'mawa uliwonse asanagwire tsache amaima pakati pa bwalo, manja kumbuyo, khosi chagada, n'kumayendetsa maso pamazenera onse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Akaona lotsekedwa lomwe galasi lake likuchita thukuta, amakwera kukagogoda. Ife tinkaseka. Ena ankati ndi ukalamba, ena ankati unali mowa wa paunyamata. Koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha, chifukwa munthu wokukumbutsa imfa usanasukusule n'komwe sakoma. Amayi ena akawaona ankalavula malovu pambali, amvekere bambo amenewa pakamwa pawo m'poipa.

Ine ndimaluka tsitsi m'chipinda changa chapansi, choncho nkhani za mdadada wonse zimabwera zokha n'kudzakhala pampando. Ndinkawateteza a Tsegulani pang'ono, ndinkawasekanso pang'ono. Pakamwa panga sipachedwa, aliyense amadziwa.

Mlongo wanga, wamng'ono kwa ine, amakhala chipinda chapamwamba penipeni, pansi pa denga. Amagwira ntchito yonyamula katundu kumalo osungirako zinthu, amachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa. Ndi mwamuna wolimbikira, koma khutu lake linapita ndi mphepo ali mwana. Atavutika zaka ndithu, anakwanitsa kuitanitsa mkazi wake ndi khanda lawo. Tsoka lake, anafika nyengo yozizira ikungoyamba.

Mlamu wanga ndi mtsikana wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Chisanu chinamuzunza. Mapaipi a chipinda chapamwamba amangofunda ngati tiyi wa dzulo, ndipo mphepo imalowa paliponse. Ndinkamupeza atavala majuzi awiri, mwana atamukulunga mpaka kungotsala mphuno. Tsiku lina ndinaona kuti wafinyira nsanza m'mphepete monse mwa zenera, ina wayala kunsi kwa chitseko. Pakona panali mbaula imene mlongo wanga anagula nthawi yotentha kuti aziwotchera nyama pabwalo, pambali pake kathumba ka makala.

"Iyi yakwera bwanji kuno?" ndinafunsa.

"Timangoyatsa pang'ono, alamu, kuti mwana afundidwe," anayankha. "Ndimayamba ndayatsira pakhonde, utsi ukatha ndiye ndimalowetsa. Kwathu timatero."

Zoona kwathu timatero. Koma nyumba zakwathu zimapuma, mphepo imalowa pansi pa malata n'kutulukira kwina. Za kuno anazimanga ngati botolo. Ndinayang'ana kudenga ndipo kabelu kaja kanali kali yasa, batire mulibe. Mlongo wanga anachotsa chifukwa kankalira n'kumadzutsa mwana. Ndinalankhula, inde, koma ndinalankhula mwachilamu, moseka, kuopa kuoneka ngati ndabwera kudzalamulira banja la eni.

A Tsegulani analiona zeneralo m'mawa wotsatira. Anakwera, anagogoda, mwana analira, mlamu anatsegula n'kumvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Mawa lake anakweranso. Mkuja wakenso. Kwa iwo ulendo uliwonse unali woyamba. Kwa mlongo wanga, yemwe ankamva madzulo kuti bambo uja anabweranso, nkhani inali ina: mwamuna wosakwatira akugogoda pakhomo pa mkazi wa mwini, mwini nyumba kulibe, tsiku ndi tsiku. Azimayi a pampando wanga anathirako mchere, ndipo nkhani inakwera masitepe isanazizire.

Loweruka lina mlongo wanga anawapeza a Tsegulani akukolopa, n'kuwaimirira kutsogolo.

"Bambo, ndimakulemekezani chifukwa cha imvi. Pakhomo panga mukufunapo chiyani?"

"Inu ndinu a chipinda chapamwamba? Zenera lanu likuchita thukuta, muli mbaula m'menemo, mwana wanga. Utsi umene mukuuona si umene umapha. Wakuphawo suoneka, sununkha, umangokupatsa tulo."

"Mukutilodza? Mwana wanga wakulakwirani chiyani kuti muzimutchulira maliro? Ndikadzamvanso kuti mwagogoda, mudzandidziwa."

"Tsoka silinunkha," anatero a Tsegulani, n'kuviika mopu m'chidebe.

Ndinamukokera mlongo wanga m'chipinda changa. Ndinati achimwene, wakutsina khutu ndi mnansi, bwezerani batire ija. Anandiyankha kuti achemwali, lukani tsitsi, za m'nyumba mwanga zisiyeni. Ndinapsa mtima n'kumuuza kuti mutu wake ndi wongonyamulira makatoni. Tinasiyana osatsanzikana. Kumwamba anakalamula mkazi wake kuti bambo ameneyo akagogoda asamatsegule, asamayankhe n'komwe.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse zinkayenda chimodzimodzi. Phazi la a Tsegulani pamasitepe, kugogoda, mwana kulira, kenako phazi lomwelo likutsika. Ndinkazimva ndili pansi chifukwa masitepe athu amanyamula mawu ngati chitoliro. Chisanu chinakula. Mlamu anayamba kudandaula mutu, ankati ukumuwaza ngati nkhwangwa, nthawi zina nseru. Ndinamuyang'ana pamimba n'kumuseka kuti kodi mwayambanso kale? Kenako ndinati mwina ndi tsitsi limene ndinamuluka, ndinakoka kwambiri. Chodabwitsa, akakhala kwanga kanthawi mutu unkasiya, akakwera kwawo unkayambiranso. Tinati ndi kusowa kumudzi. Mumtima ndinali ndi kanthu kondidya, koma ndinali ndisanayanjane ndi mlongo wanga, ndipo sindinkafuna kukhala woyamba kukwera.

Tsiku limenelo kunacha kuli mbuu, madzi a pampopi wa pabwalo ataundana. Ndinali ndi kasitomala wovuta, mutu ndaluka theka, pamene a Tsegulani anasuzumira pakhomo.

"Mwana wanga, chipinda chapamwamba mumawadziwa? Zenera likuchita thukuta. Ndagogoda, sakuyankha."

"Ndi mlamu wanga, bambo. Anauzidwa kuti asamakuyankheni. Pitani mukakolope."

Anagwedeza mutu n'kuchoka. Kasitomala anaseka, amvekere bambo amenewa chikondi chawapweteka. Nanenso ndinaseka. Ndinamva phazi lawo likupita pabwalo, kenako zii, ndipo ndinadziwa kuti aimanso khosi chagada. Posakhalitsa phazi lija linayambanso kukwera masitepe, pang'onopang'ono, mpaka pamwamba. Anagogoda. Anagogodanso. Anatsika n'kudzasuzumira pakhomo panga ndi nkhope yomweyo.

"Mwana wanga, chipinda chapamwamba mumawadziwa?"

"Bambo, ndakuuzani kale!"

"Ndagogoda mwamphamvu," anatero. "Pachingwe chawo pali matewera. Nyumba ya khanda ukagogoda chotero, khanda limalira."

Chipeso chinagwa m'manja mwanga. M'mawa wonsewo ndinali ndisanamve kulira kwa mwana.

Kiyi wapadera wa mlongo wanga amakhala pamsomali kuseri kwa chitseko changa. Sindikumbuka mmene ndinakwerera. Chitseko chinalimba chifukwa cha nsanza ija, ndinachita kuchikankha ndi phewa. M'katimo munali kofunda bwino, mwabata, mopanda fungo lililonse, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa mpaka lero. Mbaula inali pakati, makala ali psuu pansi pa phulusa. Mlamu anali atakhala pansi, watsamira bedi, mutu wapendekeka, thewera lopinda theka lili pamiyendo. Mwana anali pabedi, manja tambalale.

"Musapume mpweyawu! Mwana choyamba!" anakuwa a Tsegulani kumbuyo kwanga.

Sindinawaonepo akuthamanga, koma tsiku limenelo anadutsa ngati mnyamata. Zenera linakana chifukwa cha nsanza, analiswa ndi mtengo wa mopu. Ine ndinanyamula mwana, thupi lili lendee, n'kutulukira naye pamasitepe. Iwo anamukoka mlamu m'khwapa mpaka pakhonde. Kasitomala wanga, mutu theka, ndiye anaimba foni. Mawu aja a "thandizeni" amene tinkawaseka anatuluka okha pakamwa panga, ndipo zitseko za eni dziko zimene sizinatsegukirepo ife zinatseguka.

Mwana analira ali mu ambulansi. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Mlamu anatsegula maso kuchipatala, chipulasitiki cha mpweya chili kumaso. Mlongo wanga anafika ndi zovala zakuntchito, anagwada pambali pa bedi n'kulira ngati mwana, ndipo ine amene ndinakonzeka kumulalatira ndinangomugwira paphewa. Namwino anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono tikananena zina. Anati za mwana tizidzaona akamakula. Za mayi anati tisadabwe akamaiwalaiwala, mpweya umenewu umatha kusiya chipsera m'mutu, ena chimapola, ena ayi.

Nditabwerera ndinawapeza a Tsegulani akusesa magalasi pabwalo, akudandaula kuti ana a masiku ano akuswa mazenera. Ndinakhala pasitepe.

"Bambo, kuiwalaku munayamba liti?"

Anatsamira tsache. Zimenezo ankazikumbukira.

"Chisanu changa choyamba kuno. Tinali awiri ndi mkulu wanga, chipinda chimodzi, mbaula pakati. Panalibe wotiuza. Ndinadzuka ndekha."

Anapitiriza kusesa. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinalira.

Mlongo wanga anataya mbaula ija kubini, anabwezera batire, anagula bulangete lina. Lamlungu anavala malaya abwino n'kupita kukachipinda kakuseri kwa masitepe, chipewa m'manja, kukapepesa. A Tsegulani anamumvetsera mpaka kumapeto, anamuyang'ana kumapazi n'kumufunsa ngati wangofika kumene.

Mlamu anatuluka m'chipatala. Masana amakhala kwanga, chifukwa sitimusiyanso yekha ndi mwana. Akadali wofatsa yemwe uja, amaseka, amayamwitsa, nyimbo zakwawo amaimba zonse osaphonya. Koma amaika ketulo pamoto n'kudabwa kuti waika ndani. Dzulo ndinamukhazika pampando kuti ndimumasule tsitsi lija ndinkalinamizira mutu. Kunja a Tsegulani anali ataima pabwalo, manja kumbuyo, akuyang'ana m'mwamba.

"Alamu, zenera mwatsegula?" mlamu anandifunsa.

"Ndatsegula, mlamu. Onani, chala chimodzi."

Anayang'ana, anagwedeza mutu, mtima unakhala pansi. Ndinamasula mzere umodzi, ndinayamba wina. Mwana anatembenuka pamphasa. Mlamu anakweza nkhope n'kundigwira dzanja.

"Alamu," anatero, "zenera mwatsegula?"