Phula loyera la ku Kamwala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene khungu langa linandiukira. Tinkakhala ku Kabwata, ndipo chisanu cha mu Juni chitafika miyendo yanga inatuwa mbuu, n'kung'aluka mpaka kutuluka magazi. Kusukulu anandipatsa dzina loti Ng'ona. Mafuta onunkhira a m'sitolo ankangondiwotcha, moti sukulu ndinayamba kudana nayo.

Mayi anga, omwe sankadziwa kugonja, anaganiza zopanga mafuta awoawo. Anasakaniza mafuta a kokonati ndi madzi owiritsa n'kutakasa mpaka mkono kuwawa, koma atangosiya, mafuta anayandama pamwamba, madzi pansi. Mnzawo wina anawauza kuti pamafunika phula loyera la timibulu ngati mpunga, lomwe limagwirizanitsa madzi ndi mafuta. Analipeza kumsika wa ku Kamwala, ndipo ulendo uno zinagwirana bwinobwino, zosalala ngati phala la mwana.

Ndinali nditatambasula kale miyendo kuti andidzoze pamene bambo analowa kuchokera kushopu yawo yosoka zovala.

"Imani, bamake Amina!" anatero kwa mayi, powaitana ndi dzina langa. "Ivi vintu muziba kwamene vichokela? Vinangu amapanga na mafuta ya nkumba."

Ife ndife Asilamu, choncho botolo linakwera pamwamba pa kabati. Ndinalira, ndipo kunena zoona bambo ndinawada tsiku limenelo. M'mawa mwake anasiya makina n'kupita okha ku Kamwala, komwe anamukakamira wogulitsa mpaka anatulutsa thumba lomwe phulalo linabweramo. Linali la mafuta a zomera. Ndinaganiza kuti basi zatha, koma iwo anapinda mkono wa malaya awo.

"Niyambe ine, mami," anandiuza.

Anapaka pang'ono mkati mwa chigongono, n'kumayang'anapo pafupipafupi ngati wotchi.

"Nkanda yanu ni ya njovu, mungamve chani imwe?" mayi anawaseka, ponena za khungu lawo lolimba.

Bambo anavomera kuti n'zoona, koma zimenezo zinangondiwonjezera masiku. Anandipaka kadontho pamkono, tinadikiranso, ndipo pataoneka kuti palibe zidzolo kapena kuyabwa, anandidzoza okha miyendo yonse ndi manja awo okhakhala. Ming'alu inatsekeka chisanu chisanathe.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati bambo sankamva ululu wanga. Lero ndili ndi mwana wa khungu lovuta ngati langa, ndipo botolo lililonse latsopano limayambira pamkono panga, iye akulira kuti ndikumuchedwetsa. Ndimamuyang'ana akudzikanda, mtima n'kumandipweteka, koma ndimadikirabe. Apa m'pamene ndinadziwa kuti masiku aja bambo ankavutika kuposa ine.