Nsalu Yofiira ya Mkwatibwi

Dzulo pamsika wa zinthu zakale ndinatola kambale kofukizira, mawu okanyozera ndili nawo kale pakamwa kuti mtengo utsike. Ndiye kanandinunkhira masamba a olivi otenthedwa. Ndinalipira osanenerera, ine amene ogulitsa amandithawa.

Ndili mwana m'dera lathu la College Park, anansi athu ochokera kudziko la Cyprus ankakwatitsa mwana wawo wamkazi. Kwawoko mkwatibwi amamufukizira masambawa vayolini ikulira, woimba n'kumaitana makolo mmodzimmodzi kuti amuzungulize nsalu yofiira m'chiuno.

Ine ndinkavina mwakhama kuti andipatse maswiti.

"Khala pansi iwe, sukuona?" amayi anga anandikoka malaya.

Woimba anali ataitana bambo a mkwatibwi. Palibe anadzuka. Bambowo anasowa pa nkhondo ya kwawo, ndipo maliro awo sanaoneke. Amalume ena anatambasula dzanja kuti amange m'malo mwa bambowo, koma mayi a mkwatibwi anaikumbatira nsaluyo.

"Imbaninso," mayiwo anauza woimba.

Woimba anaitananso, vayolini ikulira motsitsa.

"Amayi," mkwatibwi anakweza manja, "ndimangeni inuyo."

Mayiwo anayamba kumuzunguliza nsaluyo pang'onopang'ono, maso ali kuchitseko.