Chingelezi cha Howard Wobwera ku Joni

Anzanga, munthuyu ndinakumana naye pa msika wa Migowi chaka cha 1954, ine ndikugulitsa nandolo. Anabwera akukankha njinga ya mabelu awiri, chipewa chopendekera, jekete pathupi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Wanzeru akanaonera pomwepo kuti mutuwo suli bwino. Ine ndinaona mwamuna.

"Ndine Howard, ndangofika kumene kuchokera ku Joni. Good morning!"

Dzuwa linali litapendeka kale, koma ine ndikanadziwa bwanji?

"Ndine Zelifa," ndinayankha ndikuyang'ana m'lichero.

Nthawi imeneyo mtima wanga wonse unali pa chinthu chimodzi. Chipatala cha mishoni chinkafuna mtsikana woti akaphunzire uzamba. Ankati usapitirire zaka makumi awiri, ndipo uzitha kucheza ndi asisitere achizungu m'Chingelezi: moni, dzina lako, kwanu, chimene wabwerera. Ine zaka zinali 19, ndipo sukulu ndinasiya tisanayambe Chingelezi.

Loweruka lililonse aphunzitsi a Phillip ankaphunzitsa zimenezi pakhonde la tchalitchi. Ine ndi mnzanga Lily tinali titapitako kawiri.

Nditamuuza Howard, anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga.

"Phillip? Amene uja mzungu amamuonera patali. Ine ndagwira nawo ntchito zaka zinayi, my dear. Siya za anazo, ndikuphunzitse chenicheni."

Ndinasiya. Musandifunse kuti nzeru ndinaziika pati...

Tinkakumana Loweruka lililonse m'munsi mwa phiri ndikapita kotola nkhuni. Iye ankakhala pamwala ngati bwana, ine pa mtolo wanga.

"Nena: Kanjani wena?"

"Kanjani wena."

"Very good! Tsopano chofunsira ntchito: Mina funa lo msebenzi."

Ankandibweretsera sopo wonunkhira, nthawi zina masiwiti. Ndikalakwitsa ankandikoka khutu pang'ono, ine n'kumaseka ngati chitsiru. Ndinamukonda, sindibisa. Ndinkabwereza mawu ake posinja, potunga madzi, ngakhale m'tchalitchi.

Tsiku lina ndinamufunsa.

"A Howard, nanga bwanji Lily akuti popereka moni timati how are you? Chanuchi chikumveka ngati cha anthu akuda anzathu."

"How are you ndi wa m'buku. Azungu akakhala okhaokha sanena zimenezo. Ukukhulupirira Lily kapena ine?"

Kumudzi kwathu kunalibe mwamuna wina amene anapitako ku Joni woti n'kumufunsa. Ndinakhulupirira iye, Lily n'kumamumvera chisoni.

Tsiku la mayeso linafika mu Januwale. Ndinabwereka diresi ya achemwali, n'kuyenda wapansi m'matope mpaka ku mishoni. M'chipindamo munali asisitere achizungu ndi bambo wina wachikulire wothandiza adokotala.

"Good morning. What is your name?" anatero asisitere.

Ndinangomva good morning yekhayo. Ndinaima chilili, n'kukhuthula zonse za miyezi itatu.

"Kanjani wena, misisi! Mina Zelifa. Mina funa lo msebenzi."

Asisitere anayang'ana bambo uja, bambo uja anayang'ana pansi.

"Mwanawe, wakuphunzitsa ndani zimenezi?" bamboyo anandifunsa motsitsa mawu. "Chimenechi ndi Chilapalapa, chimene akapitawo amalamulira nacho anthu kumigodi. Si Chingelezi."

Asisitere anandifunsa mafunso ena awiri m'Chingelezi mwaulemu, koma sindinathe ngakhale limodzi. Malo aja anatenga Lily.

Howard ndinamupeza kwawo akuthira mafuta tcheni cha njinga. Mumtima ndinkamupezerabe chifukwa. Ndinkati mwina nayenso sankadziwa, mwina poti azungu ankamuyankhula chimenechi iye ankayesa ndi chawo.

"A Howard, munkadziwa kuti si Chingelezi?"

Anapukuta manja, n'kumwetulira.

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munatani?"

"Taganiza bwino, Zelifa. Ukanakhoza ukanachoka zaka zitatu, uko n'kukwatiwa ndi kalaliki wa tayi. Ine ndikanatsala ndi ndani? Ndachita chifukwa cha love. Sabata yamawa ndituma amalume kwanu, ndidzamange nyumba."

Anzanga, ankayembekeza kuti ndithokoza! Anafika potambasula dzanja kuti andigwire paphewa.

Ndinamuyang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Jekete ija inali yong'ambika kukhwapa, ndipo mwini wake anali kamunthu kamantha chabe, koopa mtsikana wodziwa kupereka moni.

"Zaka zinayi pansi pa nthaka," ndinatero, "chimene mwabwera nacho ndi mawu amene ankakukalipirani nawo, n'kudzawagawira ine ngati mphatso. Amalume anuwo musawavutitse, kunja kuli matope."

"Udzandifuna iwe."

"Ndikadzafuna belu la njinga ndidzakuuzani."

Amalume akewo anabweradi. Amayi anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, kenaka n'kuwaperekeza mpaka panjira.

Mishoni inadzafunanso mtsikana patapita zaka ziwiri, ine zaka zitapitirira. Ndinabwererabe kwa aphunzitsi a Phillip, n'kumakhala pakhonde pakati pa tiana ta mamina, kuyambira pa moni. Lero mzungu atandiimitsa panjira ndikhoza kumuuza dzina langa, kwathu ndi mtengo wa nandolo, osaphonya. Koma palibe akundifunsa.

Howard sindimulirira, ndipo ndikamva mabelu ake pamsika sinditembenuka n'komwe. Chimene chimandiwawa ndi Loweruka khumi ndi awiri amene ndinakhala pa mtolo wa nkhuni, munthu akundiyang'ana m'maso n'kumati very good, akudziwa chimene akundichita.

Anzanga, wina akadzakuuzani kuti siyani onse muzimvera ine ndekha, muyambe mwadzifunsa chimene iyeyo ataye inu mukakhoza.