Njinga ya a Fole aivula kaliyala

Loweruka lapitali ndinavala jekete langa la maukwati ndi maliro n'kupita ku Mandala kukaona njinga. Inde, njinga. Musaseke. Ine amene ndinakulira pakati pa mabelu, lero ndikuchita kukwera minibasi kuchokera ku Soche kuti ndikaone njinga itaima.

Pali bwana wina mumzinda muno amene amatolera zinthu zamasewero ngati ngumbi. Zonse za mipikisano ya njinga anazitulutsa m'nyumba mwake n'kuziyala muholo: malaya othina, zipewa zonga chigoba cha kamba, mamendulo, zithunzi. Zimenezo sizikanandidzutsa. Anandidzutsa ndi mnzanga a Fole a ku Manja, Msena wa ku Nsanje amene wakalambira m'tauni muno pa ntchito ya umesenjala. Bwanayo anamva kuti a Fole anapambanapo mpikisano kalekale, ndiye anatuma anyamata kukabwereka njinga yawo.

Njinga imeneyo ndimaidziwa kuposa adzukulu anga ena. Yakuda, yolemera ngati thole, kumbuyo kuli kaliyala wotambalala. Pa kaliyalapo panali kakhushoni kachitenje cha maluwa achikasu kamene anasoka malemu akazi awo, mayi Marita, kuti azikhalirapo popita kutchalitchi. Chimwalirire mayiwo, a Fole sanakamasulepo. Mvula ikawapeza panjira ankayamba afunditsa kakhushoniko, eni ake n'kumanyowa.

Ine ndi a Fole tinalowa muholo. Tazungulira, tazungulira, njinga osaoneka. Kenaka kunabwera mtsikana wovala baji pachifuwa, waulemu wake.

"Agogo, ndikuthandizeni?"

"Ndikufuna njinga yanga, mwanawe," anatero a Fole.

Iye analoza kuseri kwa chingwe. Pansi pa getsi panaima chinthu chonyezimira, chopakidwa penti yofiira, matayala atsopano. Belu palibe. Madigadi palibe. Kaliyala palibe. Inangoti njo, ngati nkhuku yososola.

"Imeneyo? Nkhabe!" A Fole akalusa Chinyanja chimawathawa, amabwerera ku Chisena.

"Ndi yomweyo, agogo. Tinaikonza. Njinga za mpikisano sizikhala ndi kaliyala. Abwana anati alendo angatiseke."

Ndinachita kugwira khoma. Mwanawe, ndinatero, tsiku la mpikisanolo ine ndinalipo. Anyamata ena onse anali atamasula makaliyala kuti njinga zipepuke. Mkuluyu anangotsitsa chibwenzi chake pamsika, n'kupinda buluku, n'kulowa pamzere ndi kaliyala wake yemwe. Ena amati panalinso nkhuku yomanga. Nkhukuyo sindinaione, koma sinditsutsa. Anawasiya onse pachitunda. Nkhani yonse inali kaliyalayo, ndipo ndi amene mwachotsa!

A Fole sankamva zanga. "Kakhushoni kali kuti?"

Mtsikanayo anakafunsa mnyamata wina, mnyamatayo anakanda m'mutu. Zitsulo, akuti, anapatsa aja amadutsa kugula zitsulo zakutha. Nsanza anataya kuseri.

Nsanza!

Mukanationa, abale: nkhalamba ziwiri, majekete a ukwati, manja ali m'mgolo wa zinyalala. Tinapeza makoko a nthochi, mabotolo ndi nsapato imodzi. Kakhushoni ayi. A Fole anakhala pamwala n'kuvula chipewa.

Tsono ndikufunseni, anthu a mumzinda muno: matenda amenewa tinawatenga kuti?

Kukamveka kuti kukubwera alendo, timathamangira laimu. Timapaka miyala, timapaka mitengo, dzenje la pamsewu n'kulisiya. Mbale yobenthuka imene yalera banja lonse timaikankhira kunsi kwa bedi. Paukwati, malume wopanda mano amene anagulitsa mbuzi kuti mkwati aphunzire, timamuuza aime kumbuyo pojambula. Chilichonse chimene chikuonetsa kuti chinagwira ntchito, tili nacho manyazi.

Ndiye taonani muholo muja. Njinga zonse ndi zonyamula munthu mmodzi, wovala kabudula womata, akuthamangira kumene wachokera. Sindikunyoza, thukuta ndi thukuta. Koma njinga ya dziko lino ulemu wake uli kumbuyo. Pa kaliyala pakwera makala, pakwera mbuzi, pakwera mkwatibwi, pakwera mayi wodwala kupita kuchipatala, nthawi zina pakwera kabokosi ka mwana. Kachotseni kaliyala ku Nsanje muone ngati dziko liyenda.

Chikomekome cha mkuyu, akulu anati, m'kati muli nyerere. Bola mkuyu. Ija yofiira ija m'kati mulibe ngakhale nyerere.

Ndipo chondipsetsa mtima ndi ichi. Njinga ikakhala muholo, timaiyatsira getsi, timaitchinga ndi chingwe, osagwira. Yomweyo ikatuluka pamsewu wopita ku Limbe, dalaivala wa minibasi amaifinyira m'ngalande, kondakitala n'kutulutsa mutu pawindo: "Madala, msewu si wa bambo anu!" Bambo wokankha matumba a makala kukwera mapiri a ku Chikwawa, amene miyendo yake ikanagonjetsa onse a pazithunzi aja, pageti la holo akanamuuza kuti aime patali, angadetse.

Ife njinga timaikonda ikafa basi, itasambitsidwa.

Tinanyamuka kuti tizipita. Pageti galimoto la bwana uja linaliza hutala, mlonda n'kudzambatuka kukatsegula. Ndiye pampando wake wachitsulo, pamene anali atakhalira, ndinaona maluwa achikasu ofwifwa amene ndimawadziwa.

"A Fole, taonani uko!"

Sindinadziwe kuti mkuluyu akadathamangabe. Mlonda pobwerera anapeza mpando uli gwa, kakhushoni kali m'manja mwa a Fole.

"Aaa, madala, ndinatola ndekha kameneko! Mpando uwu umapweteka."

"Pepani achimwene," anatero a Fole, "pamenepa pali mwini wake."

Bwana anatsika, namva nkhani yonse kwa ine, ndipo mukundidziwa, sindinasiyeko mchere. Anapepesa kwambiri, ndisamunamizire. Anati awagulira kaliyala watsopano, wonyezimira, lero lomwe, ndipo njinga akafuna aitenge.

A Fole anayang'ana kuholo, kenaka anayang'ana kakhushoni, n'kukasasa fumbi.

"Ijayo isungeni, bwana. Sindikuidziwa. Mayi sanakwerepo."

Muminibasi yobwerera anatikhazika pampando wong'ambika, chitsulo chili pamtunda. Ndinati, achimwene, tandibwerekani kakhushoniko, msana wanga mukuudziwa. Anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala, n'kukakumbatira pachifuwa mpaka pasiteji ya ku Manja. Ine ndinafika ku Soche ndikutsimphina.

Tsono ndauza ana anga. Tsiku lina mzindawu ukadzafuna kuonetsa nkhalamba zakale muholo, mudzandibise. Ndikuwadziwa anthu amenewa. Adzandiika mano, adzandipaka wakuda m'mutu, jekete la zigamba n'kutaya kuseri, kuti alendo angaseke.

Ndiye inu mukadzabwera kudzandiona kuseri kwa chingwe, mudzakhala mukuona yani?